Nyali ya UV m'thanki ya nsomba: zimene imatha ndi zimene singathe

 

Nkhani yathu lero ndi ya kachipangizo kamene ambiri mwakaona pa intaneti, ena mwakagula kale ku Johannesburg kapena mwatumiziridwa ndi abale. Ndi kachubu kakuda, kotalika ngati mkono, mkati mwake muli babu. Madzi a m'thanki amalowa mbali imodzi n'kutulukira mbali ina, ndipo ogulitsa amalonjeza kuti akatuluka amakhala atayera, tizilombo tonse titafa. Dzina lake ndi nyali ya UV. Amene amakagwiritsa ntchito kwambiri ndi anthu oweta nsomba za m'nyanja yamchere pamodzi ndi makorali, komanso malo aakulu oonetserako nsomba monga uShaka Marine World ku Durban ndi Two Oceans Aquarium ku Cape Town.

Wina afunsa kuti, nanga ife a ku Blantyre zikutikhudza bwanji, popeza nyanja yamchere yapafupi ili ku Mozambique, ku Beira ndi ku Nacala? Zikutikhudza pa zifukwa zooneka. Alipo pakati panu amene akulakalaka thanki ya makorali pamalo olandirira alendo. Ambiri muli kale ndi mbuna ndi nsomba zina za m'nyanja yathu, ndipo matenda amene amavutitsa nsomba za m'madzi amchere ali ndi abale awo m'madzi athu. Kuwala kwa nyali imeneyi n'kumenenso kumagwiritsidwa ntchito poyeretsa madzi akumwa. Choncho nkhaniyi ndi yathu.

Ndili ndi mfundo zisanu. Yoyamba, kuwala kumeneku n'chiyani ndipo kumapha bwanji. Yachiwiri, kumapha chokhacho chimene chadutsa m'chubu. Yachitatu, zinthu zitatu zimene zimachititsa kuti nyali igwire ntchito kapena ingodya magetsi. Yachinayi, zimene nyali singachite ngakhale ikhale yodula bwanji. Yachisanu, mmene tingadzitetezere ifeyo. Pamapeto ndinenako maganizo anga pa funso la makorali ndi mbuna. Koma ngati mungaiwale zonse, musaiwale mfundo yachiwiri ija: nyali imapha chokhacho chimene chadutsa m'chubu.

Mfundo yoyamba. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mbali imene maso athu saiona. Anaitulukira ndi Johann Wilhelm Ritter wa ku Germany m'chaka cha 1801. Mu 1877 akatswiri awiri a ku England, Arthur Downes ndi Thomas Blunt, anaona kuti mabakiteriya sachulukana m'machubu amene aikidwa padzuwa, pomwe m'machubu ophimbidwa amachulukana. Pofika 1910 mzinda wa Marseille ku France unali utayamba kuyesa kuyeretsa madzi akumwa ndi nyali zotulutsa kuwala kumeneku. Si chinthu chachilendo ayi, chatha zaka zoposa 100 chikugwira ntchito.

Kuwala kwa UV kuli m'magulu atatu, A, B ndi C. Kwa gulu A ndi pang'ono kwa gulu B kumatifika kuno pansi. Kwa gulu C, kumene kuli koopsa kwambiri, kumatsekeredwa kumwamba ndi mpweya wa ozoni, ndiye chifukwa chake zamoyo zapadziko sizinazolowere kulimbana nako. Babu ya m'kachubu kaja imapanga kuwala kwa gulu C kumeneku. Mkati mwa babu muli kadontho ka mercury, ndipo magetsi akadutsa, nthunzi yake imatulutsa kuwala kwa muyezo wa mananomita 254. Kuwala kwa muyezo umenewu kukalowa m'thupi la bakiteriya, la ndere kapena la kachilombo kena, kumawononga DNA, kumene kuli malangizo onse a mmene kachilomboko kamaberekera. Nthawi zambiri kachilomboko sikafa pomwepo. Kamatuluka m'chubu kali ndi moyo, koma sikangathenso kuberekana, ndipo kachilombo kosaberekana sikadwalitsa nsomba. Palibe mankhwala amene amathiridwa, palibe chimene chimatsalira m'madzi. Ubwino wake wagona pamenepo, ndipo kufooka kwake kwagonanso pomwepo, monga tionere.

Mfundo yachiwiri, ndipo pano ndichedwapo. Nyali ya UV ili ngati mlonda wa pageti. Amene wadutsa pageti amamugwira. Amene analowa kale n'kukabisala kuchipinda, kapena wabadwira m'nyumba momwemo, mlondayo sangamuone. Nyali imapha chokhacho chimene chadutsa m'chubu.

Tiyeni tione matenda amene aliyense woweta nsomba m'thanki amawadziwa, matenda a timadontho toyera. Nsomba imaoneka ngati yawazidwa mchere, imadzikanda pamiyala, imapuma mofulumira, imasiya kudya. M'madzi opanda mchere amayamba ndi kachilombo kotchedwa Ichthyophthirius multifiliis, m'madzi amchere ndi kena kotchedwa Cryptocaryon irritans. Mayinawa ndi ovuta, koma moyo wa tizilomboti ndi wofanana ndipo ndi wosavuta kuumvetsa. Poyamba kachilombo kamakhala kataboola khungu la nsomba, kakudya ndi kukula mkati mwa khungumo. Kadontho koyera mukukaona kaja ndi komweko. Pa nthawi imeneyi nyali siingakafikire, chifukwa nsomba siidutsa m'chubu. Kakakhuta kamagwa pansi, n'kumatirira pamchenga kapena pamwala, n'kudzikuta ndi chikopa. Mkati mwa chikopacho kamagawikana mpaka kukhala ana mazanamazana. Apanso nyali siingakafikire, chifukwa mchenga sudutsa m'chubu. Kenako chikopa chimasweka, anawo amatuluka n'kuyamba kusambira kufunafuna nsomba. Nthawi yokhayi, ya tsiku limodzi kapena awiri, ndi imene nyali ingawagwire, komanso ingagwire okhawo amene pampu yawakoka asanapeze nsomba. Nsomba zambiri zimagona pafupi ndi miyala ndi mchenga, pamalo pomwe anawo akutulukira. Mukuona kuti ambiri amafika pansomba asanafike pachubu.

Ndiye nyali ilibe ntchito pa matendawa? Ili nayo. Imachepetsa chiwerengero cha tizilombo tosambira, ndipo nsomba yathanzi imene yagwidwa ndi tizilombo tochepa imatha kulimbana nato. Pamalo pomwe mathanki angapo amagwiritsa ntchito madzi amodzi ozungulira, monga m'sitolo yogulitsa nsomba, nyali yoikidwa pakati imaletsa matenda a thanki imodzi kusamukira ku inzake, chifukwa pamenepo madzi onse amadutsadi pageti. Koma kuchiza nsomba yodwala kale, kapena kumaliza matenda m'thanki, nyali singathe. Kwa Cryptocaryon, tizilombo tobisala m'chikopa chija timatha kudikira masabata angapo, nthawi zina kupitirira miyezi iwiri. Oweta nsomba za m'madzi amchere amene afuna kuwamaliza matendawa amachotsa nsomba zonse, n'kuzichiza m'thanki ina, n'kusiya thanki yaikulu yopanda nsomba kwa nthawi yonseyo kuti tizilombo tife ndi njala. Mankhwala okhala ndi kopa amene amachiza matendawa sathiridwa m'thanki ya makorali, chifukwa kopa amapha makorali, nkhono ndi nkhanu.

Akuluakulu anati nsomba ikaola imodzi zaola zonse. Chitetezo chenicheni ndi kathanki kachiwiri, kakang'ono, kopanda mchenga, komwe nsomba yatsopano imakhala yokha masabata anayi kapena kuposerapo isanakakumane ndi zinzake. Kathanki kameneka n'kotsika mtengo kuposa nyali, ndipo ndikanati ndisankhe chimodzi mwa ziwirizi, ndikanasankha kathanki. Alimi a nsomba za m'maiwe anaona mu 2020 mmene matenda amayendera, pamene matenda a zilonda za nsomba, amene akatswiri amawatcha EUS, anapezeka ku Mchinji. Matenda otere amayenda ndi nsomba zosamutsidwa, ndi madzi, ndi maukonde. Kaukonde kamene mwatolera nsomba yodwala m'thanki iyi n'kukaviika m'thanki iyo kadutsa pambali pa nyali yanu osaonedwa.

Pamene nyali imaonetsa mphamvu zake zenizeni ndi pa madzi obiriwira. Mwina mwaonapo thanki imene yaikidwa pafupi ndi windo, kapena dziwe la nsomba zokongoletsa pabwalo la hotela, madzi atasanduka obiriwira moti nsomba sizikuonekanso. Zimenezo ndi ndere zazing'onozing'ono zoyandama. Popeza zimayandama, zonse zimadutsa m'chubu, ndipo pakatha masiku ochepa madzi amayera. N'chimodzimodzi ndi madzi otuwa ngati mkaka chifukwa cha mabakiteriya oyandama. Koma ndere zomera pagalasi ndi pamiyala sizisuntha, ndipo zidzakhalabe pomwepo mpaka mutazipala ndi manja. M'mathanki a makorali muli vuto lina, utoto wabulauni wotelera wokhala ndi timathovu umene umakuta mchenga ndi makorali, wobwera ndi tizamoyo totchedwa dinoflagellates. Mitundu ina ya tizamoyoti imachoka pamiyala usiku n'kumasambira, ndipo imeneyo nyali imaithetsa bwino. Mitundu ina imalowa mumchenga, ndipo imeneyo nyali siikhudza. Vuto looneka limodzi, koma apa nyali yathandiza, apo yalephera, ndipo chifukwa chake ndi chomwe chija: nyali imapha chokhacho chimene chadutsa m'chubu.

Lamulo lomweli lili ndi nkhani yabwino. Ambiri amaopa kuti nyali ipha mabakiteriya abwino amene amasandutsa zonyansa za nsomba kukhala zosaopsa. Musaope. Mabakiteriya amenewo amakhala atamatirira m'sefa, pamiyala ndi pamchenga, sayandama. Chofunika n'chakuti thanki ikakhala yatsopano, masabata oyamba aja pamene mabakiteriyawo akufunafuna pokhala, nyali ikhale yozima. Oweta makorali amazimitsanso nyali kwa kanthawi akathira chakudya chamoyo choyandama, kuti chisafe makorali asanadye.

Mfundo yachitatu. Kuti kachilombo kawonongeke pamafunika mlingo wokwanira wa kuwala, ndipo mlingowo umachokera ku mphamvu ya babu ndi nthawi imene kachilomboko kakhala pafupi ndi babuyo. Pali zinthu zitatu zimene zimauchepetsa.

Choyamba ndi liwiro la madzi. Kuthamanga si kufika. Mukawirikiza kawiri liwiro la madzi odutsa m'chubu, mwadula pakati mlingo wa kuwala umene kachilombo kalikonse kalandira. Ndere ndi mabakiteriya zimagonja msanga. Tizilombo ta timadontho toyera ndi tatikulu, ndipo timafuna mlingo woposa pamenepo kangapo. N'chifukwa chake pabokosi la nyali yabwino pamalembedwa manambala awiri, lalikulu loyeretsera madzi obiriwira, laling'ono lophera tizilombo. Anthu ambiri amalumikiza nyali ku pampu yaikulu ya thanki, madzi n'kumadutsa ngati Mudi atasefukira, kenako n'kumadabwa kuti nsomba zikudwalabe. Musakhulupirire nambala yolembedwa papampu, chifukwa madzi akamakwera m'paipi liwiro limatsika. Yezani nokha. Tengani ndowa ya malita 20, ikani paipi yotuluka m'nyali, yang'anani wotchi. Ikadzaza pa mphindi ziwiri, ndiye kuti akudutsa malita 600 pa ola. Yerekezani ndi zimene wopanga nyali analemba, ndipo ngati achuluka ikani kampopi kochepetsera. Koma musachepetse mopitirira, chifukwa madzi onse a m'thanki ayenera kudutsamo kangapo patsiku, apo ayi tizilombo tiziberekana mofulumira kuposa mmene nyali ikutiphera.

Chachiwiri ndi kuyera kwa madzi ndi kwa galasi. Kuwala kwa gulu C sikupita patali m'madzi, ndipo kafumbi kalikonse kamapanga mthunzi umene kachilombo kangabisalemo. Madzi achikasu, monga amene mwakhala mtengo wouma, amamwa kuwalako kusanafike patali. Choncho nyali iikidwe pambuyo pa sefa, ilandire madzi osefedwa kale. Babu yokha siikhudza madzi, imakhala m'chubu choonekera chopangidwa ndi quartz, chifukwa galasi wamba limatsekereza kuwala kwa gulu C. Chubu chimenechi chimachita nkhungu yoyera, yonga imene mumaiona m'ketulo mukamaphitsa madzi a pamjigo. M'thanki ya makorali, momwe timathiramo calcium dala, ndi m'thanki ya mbuna, momwe ambiri amaikamo miyala ya laimu, nkhungu imeneyi imabwera msanga. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu zimitsani, tsegulani, pukutani ndi kansalu koviika mu viniga. Gwirani mosamala, chimasweka msanga, ndipo chikasweka kuchipeza muno m'tauni n'kovuta. Pogula nyali, gulirani limodzi chubu chapadera ndi timphira take totsekera madzi.

Chachitatu ndi msinkhu wa babu, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amanamizika. Kuwala kwabuluu kumene mumakuona pakawindo ka nyali si kumene kumapha tizilombo. Kumene kumapha sikuoneka. Babu imatha kuyakabe buluu zaka ziwiri kapena zitatu pomwe mphamvu yake yopha inachepa kalekale. Opanga ambiri amati babu isinthidwe ikakwanitsa maola pafupifupi 9,000, ndipo chaka chili ndi maola 8,760. Kunena mwachidule, babu imodzi chaka chimodzi. Lembani tsiku limene mwaika babu pakapepala, mumate pachubu. Ndipo musanagule nyali, funsani kaye kuti babu yake mudzaipeza kuti. Safunsa anadya phula. Nyali yotchipa imene babu yake sipezeka ndi nyali ya chaka chimodzi.

Za magetsi musade nkhawa kwambiri. Babu ya mawati 11 yoyaka usana ndi usiku imadya mayuniti pafupifupi 8 pamwezi. Hita ndi imene imadya zambiri, makamaka mu June ndi July chiperoni chikafika.

Mfundo yachinayi, zimene nyali singachite. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Madzi odutsa m'nyali amaoneka mbee, moti mlendo akalowa amayamikira, inunso mtima umakhala pansi. Koma chimene chimapha nsomba zambiri m'mathanki athu sichioneka ndi maso. Ndi amoniya, wochokera m'ndowe za nsomba ndi m'chakudya chotsala. Nyali siichotsa amoniya, siichotsa nitrite, siichotsa nitrate. Ndipotu ndere zimene nyali yapha zimawola momwemo n'kubwezera m'madzi zonse zimene zinadya. Madzi obiriwira aja anali chenjezo lakuti mukudyetsa mopitirira, kapena nsomba zachuluka, kapena dzuwa likuwomba pathanki. Mukangozimitsa chenjezo osakonza gwero, vuto lidzatulukira kwina, kawirikawiri ngati ndere zaubweya pamiyala. Kusintha gawo la madzi sabata ndi sabata, kutsuka sefa ndi madzi a m'thanki momwemo, ndi kudyetsa pang'ono, zimenezi palibe chipangizo chimene chingakuchitireni.

Madzi a pampopi nawonso ali ndi nkhani yake. Madzi ambiri a mzinda uno a Blantyre Water Board amawapopa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry, ena ku damu la Mudi, ena ku Likhubula ku Mulanje, ndipo amawathira klorini kuti ife tisadwale. Klorini ameneyu ndi wabwino kwa munthu, koma amawotcha ziwalo zopumira za nsomba ndi kupha mabakiteriya abwino a m'sefa. Kanyali ka pathanki musakadalire kuti kamuchotsa. Thirani mankhwala ochotsa klorini, kapena sungani madzi m'mbiya yosavundikira tsiku limodzi kapena awiri akupemereredwa mpweya, musanawathire m'thanki.

Palinso matenda a mbuna amene azungu anawapatsa dzina la dziko lathu, Malawi bloat. Nsomba imatupa mimba, imasiya kudya, imatulutsa ndowe zoyera ngati ulusi. Mbuna zambiri kunyanja zimadya ndere za pamiyala, matumbo ake ndi aatali, opangidwira zamasamba. Tikamazipatsa chakudya chanyama chochuluka, kapena zikamakhala mwamantha m'madzi oipa, m'mimba mumasokonekera. Vutolo lili m'matumbo a nsomba, ndipo matumbo a nsomba sadutsa m'chubu. Ndiwonjezere kuti mukathira mankhwala m'thanki, zimitsani nyali mpaka mutamaliza, chifukwa kuwalako kumaswa mankhwala ena n'kuwathetsa mphamvu, ndipo mankhwala ena a kopa kumawasandutsa oopsa kwambiri.

Tsopano za kuzima kwa magetsi, chifukwa tonse tikukhala muno. Magetsi athu ambiri amachokera mu Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mukukumbukira January 2022 pamene namondwe Ana anawononga Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Woweta nsomba ayenera kukonzekera masiku otere. Ngati muli ndi batire kapena sola yaing'ono, musaiwononge pa nyali ya UV. Magetsi akazima nsomba zimafa ndi kusowa mpweya, ndipo mabakiteriya a m'sefa amafa madzi akaima. Choyamba kulumikiza ku batire ndi kapampu ka mpweya, chachiwiri pampu ya sefa. Nyali ikhoza kudikira. Chinanso, lumikizani nyali ndi pampu yake pa switchi imodzi, ndipo magetsi akabwera pitani mukaone ngati madzi ayambadi kuyenda. Pampu ina imakanirira ikazima, nyali n'kumayaka m'chubu chouma kapena cha madzi oima, mpaka kutentha n'kuwonongeka. Kuzimazima kumafupikitsanso moyo wa babu, choncho kwa ife kuno chaka chimodzi chija tisachipitirire.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa ndikudziwa kuti ena akuganiza kale zoika nyali yotere pa madzi akumwa kunyumba. Tinataya anthu oposa 1,700 ndi kolera ya 2022 ndi 2023, ndipo Blantyre anali m'gulu la maboma amene anavutika kwambiri, choncho nkhaniyi siyoseweretsa. Kuwala kwa UV kumayeretsadi madzi akumwa, ndipo kumagonjetsa ngakhale kachilombo ka Cryptosporidium kamene klorini amavutika nako. Koma nyali za madzi akumwa zimapangidwa ndi kuyezedwa mwapadera kuti zipereke mlingo wokwanira. Kanyali ka pathanki ya nsomba sikanayezedwe motero, musamwetse nako ana anu. Komanso kumbukirani kuti kuwala sikusiya kanthu m'madzi. Madzi othiridwa WaterGuard amakhala otetezeka m'ndowa kwa nthawi, koma madzi odutsa m'nyali akangolowa m'ndowa yakuda kapena kuviikidwa kapu ndi manja osasamba, aipa pomwepo.

Mfundo yachisanu ndi yaifupi koma musaipeputse. Musayatse babu ya UV ili kunja kwa chubu chake, ngakhale kwa kamphindi kongofuna kuona ngati ikuyaka. Funsani amisiri owotcherera zitsulo ku Ndirande mmene maso amachitira usiku munthu akayang'ana moto wa wedingi opanda galasi: amamva ngati mwalowa mchenga, misozi osaleka. Babu imeneyi imachita chimodzimodzi, ndipo ululu umayamba patapita maola, munthu ataiwala kale. Imawotchanso khungu. Zimitsani ndi kuzula pulagi musanatsegule. Chingwe chizitsika pansi kaye chisanakwere kupita ku soketi, kuti dontho loyenda pachingwe ligwe pansi, makamaka pa madzi amchere amene amadutsitsa magetsi mosavuta. Babu yatsopano musaigwire ndi zala, mafuta a m'manja amadetsa galasi lake. Babu yakutha muli mercury, musaiswe, musaiponye pamoto wa zinyalala kapena mumtsinje. Ikulungeni m'bokosi lake muisunge patali ndi ana.

Ndimalize ndi funso la makorali. Amene mukufuna thanki ya madzi amchere muno mu Blantyre, sindikuletsani, koma werengerani mtengo wonse. Madzi a m'nyanja yamchere ali ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita iliyonse. Thanki ya malita 200 ifuna makilogalamu 7 poyambira, ndipo mukamasintha malita 20 pasabata mufuna magalamu 700 sabata iliyonse. Si mchere wa kukhitchini, ndi wosakaniza mwapadera woitanitsa kunja. Madzi ake ayenera kusefedwa ndi makina apadera otchedwa RO. Makorali ndi nyama, ndipo ambiri amadalira tindere tokhala m'thupi mwawo, choncho amafuna magetsi owala kwambiri tsiku lililonse, madzi oyenda nthawi zonse, ndi kutentha kosasinthasintha kwa madigiri 25 kapena 26. Makorali amiyala ali pa mndandanda wa pangano la CITES, sawoloka malire popanda zikalata. Pa zofunika zonsezi, nyali ya UV ili kumapeto. Mathanki ambiri okongola a makorali padziko alibe nyaliyi n'komwe. Amene alibe magetsi odalirika a usana ndi usiku asayambe, chifukwa zamoyo zimene zatenga zaka kuti zikule zikhoza kufa usiku umodzi.

Koma taonani chimene tili nacho. Pamiyala ya ku Cape Maclear, ku zilumba za Maleri, ku Mbenji, ku Nkhata Bay ndi ku Likoma kuli mbuna zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, zimene munthu akaziona koyamba amayesa za m'nyanja yamchere. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yopanda mchere padziko lapansi, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse. N'chifukwa chake Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 malemu Stuart Grant ankatumiza nsombazi kunja kuchokera ku Senga Bay ku Salima, mpaka nsomba ina inatchedwa dzina lake, Aulonocara stuartgranti. Anthu a ku Germany, ku America ndi ku Japan amalipira ndalama zambiri kuti akhale ndi kachidutswa ka nyanja yathu pabalaza pawo. Zimandipweteka kuti mwana wa ku Zingwangwa kapena ku Mbayani akhoza kumaliza sukulu osaonapo mbuna yamoyo, osadziwa kuti mayi wake wa nsombayi amasunga mazira ndi ana m'kamwa masabata atatu osadya. Ndikanakonda kuona thanki ya mbuna m'sukulu zathu, m'mabanki a mu Victoria Avenue ndi m'malo odikirira odwala.

Thanki yotere siifuna mchere woitanitsa kunja. Ifuna miyala yambiri yobisalamo, sefa yamphamvu, hita ya nyengo yozizira, chakudya chamasamba, ndi nsomba zogulidwa kwa oweta kapena kwa amene ali ndi chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nsomba, osati zogwidwa mobisa m'malo otetezedwa. Ikakhala pamalo owala kwambiri, kapena mukakhala ndi mathanki angapo pa madzi amodzi, pamenepo onjezerani nyali ya UV, muiike pambuyo pa sefa, muyeze liwiro lake ndi ndowa, mulembe tsiku la babu. Kathanki kolandirira nsomba zatsopano kaja kakhale kokonzeka musanagule nsomba yoyamba.

 Amene mwabwera ndi nyali zanu, bwerani nazo kutsogolo kuno tiziyang'ane limodzi, koma mapulagi akhale ozula.